Kodi Matenda Ali ndi Cipani?

Udzudzu sufunsa khadi la cipani usanalume munthu. Madzi oipa a pacitsime amatsegula m'mimba mwa aliyense wowamwa, kaya anavotera uyu, kaya anavotera uja. Cikuku cikalowa m'mudzi cimayenda khomo ndi khomo, osayang'ana kuti padenga pali mbendera yanji. Izi tonse timazidziwa. Nanga n'cifukwa ciani nkhani ya cipatala ikayambika timagawikana pawiri, n'kumayang'anana ngati adani?

Yesani kuchula za katemera kapena za mankhwala pamsika, pacigayo kapena pamaliro. Wina anena kuti boma lacita zonse, ndipo odandaulawo ndi anthu osayamika. Wina anena kuti ciliconse cocokera ku boma ndi bodza, ngakhale jakisoni ali ndi ciwembu. Aliyense amalankhula, palibe womvera mnzake. Akabalalika, mwana amene akudwala kunyumba akadali cigonere pamphasa.

Funso la phunziro lino ndi ili: kodi n'kwabwino kuweruza nkhani ya umoyo poyang'ana amene waibweretsa? Ife tikuti iai. Nkhani ya umoyo iweruzidwe poona zimene icita pathupi la wodwala. Kuti timvetse cifukwa cake, tiyambe takumbukira kumene tacokera.

Kumene tacokera

Pa nthawi ya atsamunda Acipwitikizi, zipatala zabwino zinali m'mizinda ikuluikulu monga Lourenço Marques ndi Beira. Madokotala ambiri ankakhala komweko, kuciza azungu ndi anthu a ndalama. Munthu wa kuno ku Marávia akadwala ankadalira sing'anga, mzamba, kapena amishoni ngati anali pafupi. Agogo athu ambiri anabadwa, kukula mpaka kumwalira osaonapo nkhope ya dokotala.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Julaye, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti zipatala ndi masukulu zikhala m'manja mwa boma. Kuciza anthu monga malonda kunaletsedwa. Nduna yoyamba ya zaumoyo inali dokotala Hélder Martins. Nchito inali yaikulu, pakuti madokotala ambiri Acipwitikizi anali atacoka. Otsala m'dziko lonse sanakwane 100, pamene anthu anali ngati 10 miliyoni.

Ganizo la nthawi imeneyo linali lomveka. Popeza madokotala ndi ocepa, anthu atetezedwe asanadwale, ndipo thandizo liwalondole kumudzi. Kuyambira mu 1976 mpaka 1979, magulu a katemera anayenda m'dziko lonse, cigawo ndi cigawo. Anapereka katemera wa nthomba, cikuku, cifuwa cacikulu ndi kafumbata. Mwa anthu 10 alionse, oposa 9 anafikiridwa. Mu 1978 inayamba nchito yophunzitsa anthu osankhidwa ndi midzi yao kuti azithandiza odwala kwao komweko. Awa ndi amene timawachula kuti ma APE. Boma linasiyanso kugula mitundu yambirimbiri ya mankhwala, n'kusankha mazana ocepa ofunikadi, ogulidwa pamtengo wotsika.

M'caka comweco ca 1978, maiko a dziko lapansi anasonkhana ku Alma-Ata. Anagwirizana kuti cisamaliro coyamba ca umoyo ciyenera kufika kwa munthu aliyense. Moçambique anali atayamba kale kuyenda m'njira imeneyo. Mu 1980, bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalengeza kuti nthomba yatheratu. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu za nthomba, akuuzani za zipsera za kumaso ndi za maliro. Funsani ana, saidziwa n'komwe.

Zimenezi zinacitikadi, ndipo munthu wodana ndi Frelimo ayenera kuzivomera.

Koma palinso zina zimene zinacitika, ndipo munthu wokonda Frelimo ayenera kuzivomera. Asing'anga ananyozedwa kuti ndi anthu a mumdima, pamene ndiwo amene odwala ankawathamangira usiku. Mafumu analandidwa udindo. Anthu ambiri anasamutsidwa kupita ku midzi ya pamodzi, ena mwa kufuna kwao, ena mokakamizidwa, kusiya minda ndi manda a makolo ao. Kawirikawiri kacipatala kankamangidwa m'midzi yomweyo. Motero kwa anthu ena cipatala cinaoneka ngati nkhope ya boma limene linawazula pamalo pao. Apa ndi pamene umoyo ndi cipani zinayamba kusakanikirana m'mitu ya anthu.

Moto sunasankhe

Kenaka inabwera nkhondo. Renamo inathandizidwa poyamba ndi boma la azungu la Rhodesia, pambuyo pake ndi boma la tsankho la South Africa. Koma inapezanso anthu ambiri kumidzi amene anali ndi madandaulo ao enieni. Pa nkhondoyo zipatala zazing'ono zinatenthedwa ndi kufunkhidwa. Anamwino ndi ma APE ena anaphedwa, ena anagwidwa, ena anathawa. Munthu angafunse: amatentheranji nyumba ya odwala? Yankho ndi lomwe lija. Cipatala cinkaonedwa ngati cizindikiro ca cipani colamulira.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi theka la zipatala zazing'ono zinali zitaonongeka kapena kutsekedwa. Anthu ambiri a m'cigawo ca Tete anathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni. Ena anaolokera ku Zambia, mpaka kukakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama.

Tiphunzirepo ciani? Moto umene unatentha zipatala sunasankhe. Mai wa ku dera la Renamo anaberekera m'thengo, monganso mai wa ku dera la boma. Mwana wosalandira katemera anafa ndi cikuku, ndipo palibe anafunsa kuti atate ake anali mbali iti. Njovu zikamamenyana, umene umavutika ndi udzu. Tsiku limene tinalola kuti cipatala cikhale ca gulu limodzi, magulu onse anasowa pothawira.

Cipani cimodzi, malamulo awiri

Nkhondo isanathe, zinthu zinasinthanso. Mu 1987 boma linayamba ndondomeko yokonzanso cuma, yochedwa PRE, mogwirizana ndi mabungwe obwereketsa ndalama a IMF ndi Banki ya Dziko Lonse. Ndalama yathu inagwa mphamvu. Malipiro a namwino analeka kumufikitsa kumapeto kwa mwezi, ndipo odwala anayamba kulipira zambiri kuposa kale. Mu 1991 lamulo linalolanso zipatala zolipiritsa, za anthu paokha. Asing'anga, amene kale ankanyozedwa, anazindikiridwanso ndipo anakhala ndi bungwe lao la AMETRAMO.

Taonani bwino apa. Cipani cimene cinaletsa zipatala zolipiritsa mu 1975 ndi comweco cimene cinazilola mu 1991. Munthu amene anaomba m'manja pa lamulo loyamba, n'kudzaombanso pa laciwiri, osafunsa kanthu, ankaombera ciani? Ndipo munthu amene anatukwana loyamba, n'kudzatukwananso laciwiri, ankatukwana ciani? Onse awiri sanayang'ane lamulolo. Anayang'ana mwini wake. Wina anagona m'cikondi, wina anagona m'cidani, koma tulo ndi tomweto.

Uwu ndiwo ulesi umene tikudandaula nao. Kuombera zonse n'kosavuta. Kukana zonse n'kosavutanso. Cobvuta ndi kutenga nkhani imodzi, kuisenda ngati cinangwa, n'kuona cimene cili m'kati.

Mphekesera imapha

Ena anganene kuti kukangana pamsika ndi kuceza cabe, sikupha munthu. Tiyeni tione nkhani ya kolera.

Kolera imayamba ndi kacirombo kosaoneka ndi maso. Kamacokera m'cimbudzi ca munthu wodwala, n'kulowa m'madzi kapena m'cakudya. Wodwala amatsegula m'mimba kwambiri, madzi amatha m'thupi, ndipo angathe kufa tsiku lomwelo. Kumupatsa msanga madzi a mcere ndi shuga, ndi kuthamangira naye kucipatala, kumapulumutsa moyo. Mankhwala a klorini akathiridwa m'madzi amapha kaciromboko. M'Cipwitikizi mankhwalawa amachedwa cloro, ndipo matendawa amachedwa cólera. Mau awiriwa amamveka mofanana m'khutu.

M'madera ena a dziko lathu, makamaka ku Nampula, kunafala mphekesera yakuti anthu othira mankhwala m'zitsime ndiwo akubweretsa kolera. Mu 2009, m'boma la Mogincual, anthu okwiya anaukira anchito odzipereka a Cruz Vermelha, ndipo ena anaphedwa. Apolisi anagwira anthu ambiri n'kuwapanikiza m'citokosi cacing'ono. Oposa 10 anafera momwemo cifukwa cosowa mpweya. Onani maliro ake: ofa ndi kolera, ofa ndi mphekesera, ofa m'manja mwa apolisi. Onsewo anali anthu osauka.

Pa 7 Epulo 2024, bwato lodzaza mopitirira muyeso linanyamuka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique. Linamira, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a cigawo ananena kuti anthuwo ankathawa cifukwa ca mantha ndi nkhani zabodza za kolera.

Nampula ndi kutali ndi Fíngoè, koma mphekesera ilibe mtunda. Masiku ano imayenda pa foni, imafika tambala asanalire. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Anthu si opusa

Tsono tisafulumire kunena kuti okhulupirira mphekesera ndi mbuli. Kunyoza koteroko ndiko kumakulitsa bala. Mphunzitsi wina wa ku Universidade Eduardo Mondlane, Carlos Serra, anapita ku Nampula kukafufuza nkhani imeneyi. Anapeza kuti muzu wake unali kusakhulupirira. Anthu ankaona kuti akuluakulu sawalabadira pa njala, pa madzi ndi pa misewu. Tsono akuluakulu omwewo atabwera mwadzidzidzi ndi mankhwala aulere, anthu anadzifunsa kuti: cikondi cimeneci cayamba liti?

Madandaulo ambiri a anthu ndi oona. M'zipatala zina wodwala amauzidwa kuti mankhwala atha, koma mankhwala omwewo akugulitsidwa pamsika. Amai ena apakati amapemphedwa kangacepe kuti athandizidwe msanga. Ena amakalipiridwa ali pa ululu. Munthu wa kumudzi wakutali amayenda tsiku lathunthu pa njinga, n'kubwerera ndi pepala lokha. Wodwala kwambiri akatumizidwa ku Tete, ulendo ndi wautali, ndipo nthawi ya dzinja misewu imabvuta.

Pamwamba palinso zifukwa zokwiyira. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika, pafupifupi madola 2 biliyoni, zimene zinatengedwa mseri, aphungu a Nyumba ya Malamulo osadziwa. Maiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankaika m'thumba la boma, ndipo umphawi wake unafika mpaka pa shelefu ya mankhwala. Manuel Chang, amene anali nduna ya zacuma, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Madokotala ananyanyala nchito mu 2013 ndiponso mu 2023, podandaula za malipiro ndi kusowa kwa zipangizo. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, ndipo thandizo lambiri la zaumoyo limene tinkadalira linacepa.

Conco mkwiyo uli ndi malo ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Funso ndi lakuti: mkwiyowo tiuloze kuti? Munthu wokwiyira wakuba mankhwala, n'kukana katemera wa mwana wake, walanga yani? Wakubayo akugona tulo tabwino. Wolangidwa ndi mwana, amene sanabe kanthu.

Kodi umoyo si ndale?

Pali mau ena amene tiyenera kuwayankha moona mtima. Wina anganene kuti: inu mukuti ticotse ndale m'cipatala, koma amene amagawa ndalama za zipatala ndi andale. Amene amasankha kuti cipatala cimangidwe apa osati apo ndi andale. Kutiuza kuti tisakambe ndale ndi njira ina yotitseka pakamwa.

Mau amenewa ali ndi nzeru. Umoyo ndi ndale ndithu. Malamulo aakulu a dziko, a caka ca 2004, amanena pa ndime 89 kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira cithandizo ca mankhwala. Ndime yomweyo imatipatsanso udindo woteteza umoyo wa anthu onse. Ufulu umene sufunsidwa umacita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Sitikuti anthu akhale cete.

Koma ndale zilipo za mitundu iwiri. Pali ndale zofunsa, ndi ndale zodana. Wofunsa amati: mankhwala a malungo anabwera angati mwezi uno, ndipo apita kuti? Ambulansi ilibe mafuta cifukwa ciani? Munalonjeza namwino waciwiri, ali kuti? Mafunso otere angathe kufunsidwa ndi munthu wa cipani ciliconse, ndipo yankho lake lingathe kuwerengedwa ndi kuyesedwa. Wodana safuna yankho. Iye amadziwa kale kuti mnzakeyo ndi woipa. Mnzake akanena kuti madzi awiritsidwe, iye amwa osawiritsa, kuti asaoneke ngati wagonja.

Tinaona kumene cidani cimafikitsa pambuyo pa zisankho za pa 9 Okutobala 2024. Daniel Chapo analengezedwa kuti wapambana, Venâncio Mondlane anakana zotsatirazo, ndipo zionetsero zinatenga miyezi. Mabungwe oyang'anira zisankho anawerenga anthu oposa 300 amene anafa, ambiri ndi zipolopolo. Misewu inatsekedwa, ndipo odwala ndi anamwino anabvutika kufika kuzipatala. Aliyense wa ife ali ndi maganizo ake pa zisankho zimenezo, ndipo ndi ufulu wake. Koma womwa mankhwala a Edzi ayenera kumwa tsiku ndi tsiku, kaya kunja kuli zionetsero kapena kulibe. Mimba ikawawa siyembekeza kuti andale agwirizane.

Pamene tinagwirizana

Tisaganize kuti kugwirizana ndi maloto. Zinacitika posacedwa, m'cigawo cathu comwe cino.

Mu Febuluwale 2022, ku Lilongwe kunapezeka mwana wopuwala ndi poliyo. Mu Meyi caka comweco kunalengezedwa wina m'boma la Changara, kuno ku Tete. Poliyo wa mtundu umenewo anali asanaoneke m'Moçambique kwa zaka ngati 30. Ofufuza anapeza kuti kaciromboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Taganizani za mtunda umenewo. Kanadutsa nyanja ndi malire a maiko popanda ciphaso. Ana 8 anapezeka nako m'cigawo ca Tete.

Poliyo alibe mankhwala ociza. Mwendo ukafota, wafota. Citetezo cake ndi madontho awiri a katemera m'kamwa mwa mwana, operekedwa mobwerezabwereza. Maiko asanu, Malawi, Moçambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, anayendetsa katemera khomo ndi khomo, maulendo angapo. Anchito anayenda pansi, pa njinga ndi pa bwato, atanyamula mabokosi ozizira. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi ma APE anathandiza kuitana anthu. Mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha.

Amai amene anatsegula kamwa za ana ao sanali a cipani cimodzi. Ena anali okwiya ndi boma, ndipo akadali okwiya. Koma anasiyanitsa zinthu ziwiri: mlandu wao ndi akuluakulu, ndi miyendo ya mwana wao. Nzeru imene tikuikamba m'phunziro lino ndi yomweyo.

Muyeso wathu

Wogula cimanga sakhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Amabwera ndi cigoba cake coyezera. Nafenso tikhale ndi muyeso wathu. Tikamva za lamulo latsopano, katemera watsopano kapena kusintha kulikonse kwa zaumoyo, tidzifunse mafunso anai.

Loyamba: kodi cinthuci cithandiza yani? Ticiyeze pa munthu wosaukitsitsa wa m'mudzi wakutali. Cikamufika iyeyo, ndi cabwino. Cikathera m'tauni, sicinakwane.

Laciwiri: alipira ndani, ndipo ndalama zingati? Mtengo wobvomerezeka uyenera kulembedwa poonekera. Ndalama yoperekedwa mseri, yopanda lisiti, ndi kuba.

Lacitatu: amene watiuza nkhaniyi waiona yekha, kapena wangomva? Angathe kuchula mudzi, tsiku ndi munthu amene zinamucitikira? Nkhani imene mwini wake sadziwika tiziisiya panja ngati nsapato zamatope.

Lacinai ndilo lobvuta koposa: cikhala kuti cinthu comweci cabwera ndi cipani cina, tikanacilandira kapena tikanacikana? Ngati yankho lathu lisintha cifukwa ca dzina la cipani, ndiye kuti sitinayambe kuganiza.

Mafunso amenewa alibe mbali. Tsiku lina adzacititsa manyazi olamulira. Tsiku lina adzacititsa manyazi otsutsa. Tsiku linanso adzacititsa manyazi ife tomwe, pamene tipeza kuti cimbudzi sitinakumbe, ndipo ukonde wa udzudzu tinaupereka kwa asodzi.

Namwino nayenso ndi munthu

Pamene tikufunsa, tikumbukire amene waima patsogolo pathu. Namwino wa pa cipatala caching'ono sindiye amagula mankhwala a dziko lonse. Nthawi zambiri ali yekha, kuona odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, usiku n'kudzutsidwanso kukabereketsa. Ali kutali ndi kwao. Akalakwa, tinene kulakwa kwake poyera, ndipo wakuba aululidwe. Koma tisamusenzetse mlandu wa nduna, ndipo tisamuone ngati mthenga wa cipani.

Nao anchito a cipatala ali ndi mbali yao. Munthu amene wafunsa kuti jakisoniyu ndi waciani sanacite mwano. Ayankhidwe m'cilankhulo cimene amamva, mwaulemu. Mau amodzi aukali pakhomo la cipatala amabala mphekesera khumi kumudzi. Mai amene anakalipiridwa pa mimba yoyamba, pa yaciwiri adzaberekera kunyumba, ndipo adzauza anzake.

Malo okumanirana alipo. M'midzi yambiri muli makomiti a umoyo, ndipo pa zipatala pali makomiti amene anthu wamba amakhala pamodzi ndi anchito. Komiti yotere ikadzaza ndi anthu a cipani cimodzi, theka la mudzi silidzaikhulupirira. Mukhale amai ndi abambo, mfumu ndi sing'anga, wa mpingo uwu ndi wa mpingo uja, wovotera uyu ndi wovotera uja. Mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cake tikuphunzira kuwerenga

Ena amafunsa kuti munthu wamkulu, wa zidzukulu, aphunziriranji zilembo. Nali yankho limodzi. Wosawerenga amadalira pakamwa pa anzake, ndipo pakamwa pamakonda kuonjezera ndi kucotsera. Wowerenga amatenga khadi la mwana la ku sikelo, n'kuona yekha katemera amene watsala ndi tsiku lake. Amawerenga pa paketi kuti mankhwala amwedwe kangati, ndiponso ngati nthawi yake yapitirira. Amawerenga mtengo wolembedwa pa khoma, ndipo akauzidwa mtengo wina amafunsa. Angathe kulemba dandaulo, kuikapo tsiku ndi dzina lake, n'kulipereka ku komiti. Dandaulo lolembedwa siliuluka ndi mphepo.

Kuwerenga sikutiuza kuti tivotere ndani. Kumatipatsa mphamvu yoona tokha, kuti wina asatitsogolere ngati mbuzi ya pacingwe, kaya ndi wa mbali ino kapena wa mbali inayo.

M'kalasi mwathu timakhala pa benchi limodzi anthu osiyana maganizo. Timabwerekana pensulo. Wina akalephera cilembo, woyandikana naye amamugwira dzanja. Pa tsiku la zisankho aliyense adzalowa yekha m'kacipinda, n'kusankha amene afuna. Tikatuluka, tidzatunga pa citsime comweco, ndipo ana athu adzafola pa mzera umodzi wa ku sikelo. Citsime cimeneco tiyeni ticiteteze pamodzi, ndipo akuluakulu tiwafunse pamodzi.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu ziwiri zabwino ndi ziwiri zolakwika zimene zinacitika pa zaumoyo pambuyo pa 1975.

2. N'cifukwa ciani zipatala zinkatenthedwa pa nthawi ya nkhondo? Anabvutika ndani?

3. Ndi mphekesera yanji ya zaumoyo imene inamveka m'mudzi mwanu? Inayamba ndi yani? Iyezeni ndi mafunso anai aja.

4. Kodi m'komiti ya umoyo ya kwanu muli anthu a maganizo osiyana? Ngati mulibe, mungacite ciani?

5. Pa phunziro lotsatira, aliyense amene ali ndi mwana wamng'ono abweretse khadi la ku sikelo. Tidzawerenga pamodzi masiku a katemera.

Lembani m'kope mwanu: Matenda alibe cipani. Cipatala ndi ca tonse.